DZANJA LAMANZERE LA DOLLAR BRAND

Pali mkangano umene suzilala pakati pa ife osunga mbale za jazi. Munthu ukangotchula za limba loyimbidwa ndi munthu mmodzi, popanda ng'oma kapena lipenga, anzanga onse amathamangira dzina la Keith Jarrett ndi chimbale chake cha ku Köln. Ukati nanga African Piano ya Dollar Brand, amakwinya nkhope. Amati dzanja lake lamanzere ndi laulesi, limangopondaponda pamodzimodzi. Mlandu umenewu ndifuna tiuzengenso, pakuti ndiona ngati unagamulidwa mokondera.

Tiyambe ndi ntchito ya dzanjalo. Woyimba limba akakhala m'gulu, mnzake wa besi ndi wa ng'oma amamsenzera katundu. Akatsala yekha, katundu yense amagwera dzanja lamanzere. Art Tatum ankalidzaza dzanjali mpaka womvera n'kuganiza kuti pa mpando pakhala anthu awiri. Thelonious Monk, pa Thelonious Himself ya 1957, analisiyira mipata dala, kuti mtima wako uzidikira phazi limene likuchedwa kuponda. Tsono funso ndi lakuti munthu walipatsa ntchito yanji dzanja limeneli.

Nkhani ya ku Köln aliyense amaidziwa, ndipo mwina ndiyo imagulitsa chimbalecho kuposa nyimbo zake. Pa 24 January 1975 Jarrett anapeza kuti amuikira limba laling'ono, lotopa, mawu apamwamba osamveka bwino, apansi opanda mphamvu. Anakakamira pakati pa limbalo, dzanja lamanzere n'kumabwereza kanthu kamodzi nthawi yaitali. M'gawo loyamba muli malo pamene akungosinthana makodi awiri kwa mphindi zambirimbiri. Anzanga amati umenewo ndiwo ukatswiri. Sindikana, gawo limenelo ndimalikonda. Koma nanga bwanji kubwereza kwa Jarrett kukutchedwa ukatswiri, kwa Brand ulesi?

African Piano inajambulidwa mu October 1969 m'nyumba ya jazi ya Montmartre ku Copenhagen, zaka zisanu Jarrett asanafike ku Köln. Brand, amene dziko linadzamdziwa ndi dzina lakuti Abdullah Ibrahim, anabadwira ku Cape Town mu 1934. Anachoka kwawo mu 1962 pamene ulamuliro wa tsankho unakhwimitsa zinthu pambuyo pa Sharpeville, ndipo Duke Ellington atamumva ku Zürich mu 1963 anamtsegulira njira. Za Ellington ndi Monk zimamvekadi m'zala zake. Koma dzanja lamanzere lija sanalitenge kwa iwo. Analitenga ku tchalitchi cha AME kumene agogo ake aakazi ankayimba limba, ndi ku marabi, nyimbo za m'makomboni a ku Joni zimene zimazungulira pa makodi atatu usiku wonse osatopa.

Ife tisachite ngati zimenezi n'zachilendo. Abale athu amene anapita ku migodi anabwera nazo nyimbo zozungulira chonchi, ndipo aliyense amene anamvapo kwela ya Daniel ndi Donald Kachamba adziwa kuti gitala sasuntha pa njira yake pamene chitoliro chikuyendayenda. Ngakhale pamtondo, musi sutaya kugunda kwake chifukwa chakuti wosinja wasintha mawu a nyimbo. Kodi alipo anati musi ndi waulesi?

Imvani nyimbo yoyamba, Bra Joe from Kilimanjaro. Dzanja lamanzere likugwira timawu towerengeka, m'munsi, n'kukana kutisiya. Poyamba lamanja likuyenda nalo mwaulemu. Kenaka liyamba kulimbana nalo: likuthamanga, likumenya mawu ambiri pamodzi, likupita kumene khutu silikuyembekeza, ngati mwana wolusa amene akuponya miyala padenga la kwawo. Lamanzere lili phee pa ntchito yake. Chokoma chili pa kukokanako. Mutachotsa kubwerezako, ukali wa dzanja lamanja ungakhale phokoso chabe, chifukwa sipangakhale chinthu choulimbana nacho. Ine ndimamvamo munthu amene ali kutali ndi kwawo, dzanja lina lili ku Copenhagen, lina lakana kusamuka. Wina anene kuti ndikuikamo zanga. Koma Brand yemweyo ndiye anatcha nyimbo ina ya m'chimbalemo Kippy, kukumbuka Kippie Moeketsi, mnzake wa mu Jazz Epistles amene anatsala kumudzi.

Chimbalechi chili ndi zilema zake, ndipo sindizibisa. Nyimbo zisanu ndi zitatuzo zalumikizidwa popanda kupuma, kotero pena sudziwa kuti ina yatha liti. Pakati pali malo pamene dzanja lamanja likubwebweta, mawu achuluka koma nkhani yachepa. Kajambulidwe kakenso sikafika pa ka ku Köln, kamene kamamveka mbee ngati uli m'holo momwemo.

Apa ndi pamene osunga mbale timasocherera. Timakonda kuweruza ndi zinthu zogwirika: kuyera kwa mawu, kukongola kwa chikuto, kuchuluka kwa ogula. Cha ku Köln chinagulidwa mamiliyoni, ndiye basi chapambana. African Piano inatuluka koyamba pa kampani yaing'ono ya ku Denmark yotchedwa Spectator, kenaka mu 1973 pa JAPO, nambala 60002, mphukira ya ECM yomweyo imene inatulutsa Jarrett. Ndamvapo anthu akukangana madzulo onse kuti mbale ya mtengo ndi iti pa ziwirizi, ya Spectator kapena ya JAPO, koma singano osaitsitsa n'komwe. Amene ali nayo, ya kampani iliyonse, aitembenuze ayambe ndi mbali yachiwiri, adikire Tintinyana kumapeto, aone ngati phazi lake likhala pansi.