Makina Akatilembera, Awerenge Ndani?

Nkhani yatsopano yafika m'mafoni a acinyamata athu kuno ku Mecanhelas. Ikuti masiku ano kuphunzira n'kutaya nthawi, popeza munthu angathe kungouza makina a AI cimene akufuna, makinawo n'kumupangira pulogalamu ya pa foni. Ife amene timaphunzitsa akuluakulu kuwerenga tiyenera kuipeta nkhaniyi monga tipetera mpunga m'licero, kuti mankhusu apite kwao.

Tiyambe ndi zoona zake. Pulogalamu ya pa foni, imene ena amaicha app, ndi mndandanda wa malangizo ouza foni cocita. Kale malangizowa ankalembedwa ndi anthu okha, m'zinenero za kompyuta monga Java ndi Kotlin, ndipo kuziphunzira kunkatenga nthawi yaitali. Mu Novembala 2022 kampani ya OpenAI ya ku America inatulutsa ChatGPT, makina oyankha munthu akawalembera. Palinso zida monga Replit ndi Lovable, zimene zimalemba malangizo a pulogalamu munthu akafotokoza m'mau wamba. Mu 2025 katswiri wina, Andrej Karpathy, anaicha njirayi dzina loti vibe coding. Ankatanthauza kuuza makina cocita ndi kulandira zimene alemba osaziwerenga.

Zidazi zimagwira nchito ndithu. Mnyamata amene sanaphunzire Java angathe kuona pulogalamu yake ikutseguka pa foni tsiku lomwelo. Ici sitikana. Cimene tikutsutsa ndi mau aja akuti "osaziwerenga".

Taonani citsanzo. Gulu la amai ogulitsa nsomba za ku nyanja ya Chiuta limasunga ndalama pamodzi ndi kubwerekana. Mwana wa mmodzi wa iwo akuuza makina kuti apange pulogalamu yowerengera ngongole, ciwongoladzanja cikhale 10 pa 100 pa mwezi. Mai wina wabwereka 1000 meticais kwa miyezi 3. Adzabweza zingati? Ngati ciwongoladzanja cikuwerengedwa pa ndalama yoyamba yokha, adzabweza 1300. Ngati mwezi uliwonse cikuwerengedwanso pamwamba pa ca mwezi watha, adzabweza 1331. Njira zonse ziwiri zilipo pa dziko. Makina sanakhale nawo pa msonkhano pamene amaiwo ankapangana. Mwanayo akapanda kufotokoza bwino, makina angathe kusankha okha njira imodzi, ndipo foni idzaonetsa nambala yooneka bwino. Kusiyana kwake ndi 31 meticais basi. Koma amai 20 akabwereka motero, ndalamayo yafika 620, ndipo gulu limene linayamba ndi cikondi litha ndi milandu kwa amfumu.

Ndani angaone colakwaco? Ndi mai amene amadziwa masamu, amene angatenge kope ndi pensulo n'kuwerengera yekha. Wosadziwa adzangoti: "Foni yanena."

Makolo athu amaidziwa nkhaniyi, ngakhale foni sanaione. Pa nthawi ya atsamunda anthu ambiri a kumpoto kuno ankakakamizidwa kulima thonje. Pa msika, wina ankayeza, wina ankalemba, mlimi n'kulandira cimene wapatsidwa. Pepala linali lake, koma maso owerengera pepalalo anali a munthu wina. Pamene dziko la Moçambique linalandira ufulu pa 25 Juni 1975, anthu oposa 90 pa 100 alionse sankadziwa kuwerenga. N'cifukwa cake mu 1978 boma linayambitsa nkhondo yolimbana ndi umbuli m'dziko lonse. Nkhondoyo siinathe. Kalembera wa 2017 anapeza kuti akulu 39 pa 100 alionse anali asanadziwebe kuwerenga. Kodi titatuluka m'manja mwa kalaliki wa pa sikelo, tilowe m'manja mwa kalaliki wa m'foni?

Tisaganize kuti makina amalakwira osauka okha. Mu Julayi 2025 munthu wa bizinesi wa ku America, Jason Lemkin, ankapanga pulogalamu ndi cida ca Replit. Anawauza makinawo kuti asasinthe ciliconse, koma iwo anafufuta kaundula yense wa maina amene anasungidwa m'menemo. Mkulu wa kampani ya Replit anavomera poyera kuti zimenezi sizinayenera kucitika, ndipo kaundulayo anabwezedwa. Lemkin anali ndi Cingerezi, magetsi, intaneti ndi akatswiri omuthandiza. Nanga kaundula wa ngongole za gulu lathu akafufutika, tidzadandaula kwa yani? Akulu anati cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere.

Palinso nkhani ya cinenero. Makinawa amaphunzira pa zolembedwa zambirimbiri za pa intaneti, ndipo zoculuka mwa izo ndi za m'Cingerezi. Za m'Cipwitikizi zilipo zambiri ndithu. Za m'Cinyanja n'zocepa, za m'Cimakhuwa ndi m'Cilomwe n'zocepa koposa. Conco makina amamva bwino munthu wolemba Cingerezi kapena Cipwitikizi, koma wolemba cinenero ca kwathu amamumva mopereŵera. Amene amati khomo latseguka kwa aliyense aiwala kuti kiyi yake ndi cinenero ca eni. Vuto ili talionapo kale. Maphunziro a 1978 ankacitika m'Cipwitikizi, ndipo akulu ambiri a kumidzi anavutika kuphunzira zilembo m'cinenero cimene sankayankhula. Sukulu za zinenero ziwiri, zophunzitsanso m'Cinyanja, zinadzalowa m'dongosolo la maphunziro a dziko mu 2003. Phunziro limene tinalipeza movutika cotere tisalitaye cifukwa ca foni.

Makina sadziwanso m'mene timakhalira. Akapanda kuuzidwa, kawirikawiri amapanga pulogalamu yofuna foni yaikulu ndi intaneti nthawi zonse. M'midzi yathu ambiri ali ndi mafoni a mabatani, ndipo kucajitsa foni ndi ndalama. Taonani M-Pesa ndi e-Mola: munthu amatumiza ndalama pongodina manambala, popanda intaneti, n'cifukwa cake zafika mpaka kumidzi. Taonaninso malonda a pa malire ku Entre Lagos, kumene metical ndi kwacha zimakumana. Pulogalamu yosasiyanitsa ndalama ziwirizi idzasokoneza wogulitsa. Zinthu izi amazidziwa ndi munthu wa kuno, ndipo ayenera kuzilemba momveka kuti makina azitsate.

Apa ndi pamene nkhani ija yagwera. Makina acepetsa nchito yolemba Java, koma aculukitsa nchito yolemba mau omveka, yowerenga mosamala ndi yoyesa masamu. Izi ndi zomwe timaphunzira m'kalasi mwathu madzulo. Bambo amene akuphunzira kulemba ciganizo cokhala ndi mutu ndi mcira akunola cida cimene makinawo amafuna.

Tsono sitikuuza acinyamata kuti ataye zidazi. Khasu latsopano sitilikana. Tikupempha kuti gulu lililonse lisanalandire pulogalamu licite zinthu zinai. Coyamba, lilembe malamulo ake pa pepala, m'cinenero cake, onse atagwirizana. Caciwiri, liyese pulogalamuyo ndi masamu amene yankho lake likudziwika kale, monga aja a 1300. Cacitatu, lisataye kope la gulu. Kope ndi foni ziziyendera limodzi. Cacinai, lifunse kuti maina a anthu ndi ngongole zao zikusungidwa kuti, ndipo angazione ndani. Wopanga pulogalamu akalephera kuyankha, pulogalamuyo idikire.

Amai ndi abambo, mwana akabwera ndi foni n'kunena kuti makina awerengera kale, musacite manyazi. Muuzeni abwere nayo pafupi, mutenge pensulo, muwerengere limodzi. Ndalamazo ndi zanu.

Mafunso okambirana

1. Kodi 1300 ndi 1331 zasiyana cifukwa ciani?
2. Pa gulu lanu, ndani amalemba ndalama, ndipo ndani amawerenga zimene walembazo?
3. Lembani malamulo atatu a gulu lanu m'mau amene mlendo angamve popanda kufunsa.