Munthu amene anawerenga milatho

Ntchito imene Bent Flyvbjerg anaisankha ndi yoti ambiri akanaithawa. Pulofesa wa ku Denmark ameneyu, pamodzi ndi anzake Mette Skamris Holm ndi Søren Buhl, anatha zaka zinayi akufukula mapepala a misewu, njanji, milatho ndi njira zoboola pansi, akusaka manambala awiri okha pa ntchito iliyonse: ndalama zimene zinanenedwa poyamba, ndi zimene zinalowadi ntchito itatha. Mu 2002 anatulutsa zimene anapeza pa ntchito 258 za m'maiko 20.

Luso lake lagona pa nambala yoyambayo. Bajeti ya ntchito yaikulu imasintha kangapo, ndipo amene akufuna kuoneka bwino amayerekeza ndi bajeti yomaliza, yokwezedwa kale, n'kunena kuti sanaphonye kwambiri. Flyvbjerg anakana zimenezo. Anaima pa mtengo umene unali patebulo tsiku limene akuluakulu anagamula kuti ntchito ichitike, chifukwa ndi mtengo umenewo umene unawachititsa kuvomera. Anachotsamonso kukwera kwa mitengo ya zinthu, kuti pasapezeke wobisala kumbuyo kwake. Ndi zinthu zing'onozing'ono izi, zosakokera maso, koma popanda izo kafukufuku yense akanakhala nkhambakamwa.

Ntchito zisanu ndi zinayi mwa khumi zilizonse zinadya ndalama zoposa zimene zinanenedwa. Njanji zinkapitirira ndi pafupifupi 45 peresenti, milatho ndi njira zapansi 34, misewu 20.

Chimene chimandigwira mtima ndi mmene anawerengera manambalawo. Taganizani za sikelo ya munthu wogula chimanga kumsika. Ikakhala yongowonongeka, lero ibera wogulitsa, mawa ibera mwiniwake. Koma ikamapendekera kwa mwiniwake tsiku ndi tsiku, mlimi aliyense amadziwa kuti pali dzanja la munthu. Flyvbjerg anaona kuti kuphonyaku kumapendekera mbali imodzi, komanso kuti pa zaka 70 sikunachepe, ngakhale kuti makompyuta ndi njira zatsopano zowerengera zinabwera. Munthu wolakwitsa mosadziwa amaphunzira. Apa panalibe kuphunzira. Flyvbjerg sanazengereze kutchula kuti ena amachepetsa mtengo dala kuti ntchito yawo ivomerezedwe, ndipo mawu akuti bodza anawaika pamutu penipeni pa pepala lake. Pamafunika chiwindi kuti wamaphunziro alembe choncho za anthu amene ali ndi mphamvu.

Sanathere pa kuloza chala. Anatenga ganizo la akatswiri a kaganizidwe ka munthu, Daniel Kahneman ndi Amos Tversky, lakuti tikamakonza zathu timadziona ngati osiyana ndi ena onse, n'kulisandutsa chida chogwirika. Usanakhulupirire mtengo wa njanji yako, sonkhanitsa njanji zofanana nayo zimene zinamangidwa kale, uone mmene zinathera, kenako uwonjezere pa mtengo wako molingana ndi zimenezo. Mlatho wako si woyamba padziko, ngakhale kwa iwe uoneke choncho.

Mu 2004 unduna wa zamtengatenga wa ku Britain unalandira njirayi m'malangizo ake, ndipo inayesedwa koyamba pa mapulani a njanji ya mumzinda wa Edinburgh. Malangizowo anali osapita m'mbali: amene akufuna kukhala wotsimikiza ndi 80 peresenti kuti bajeti ya njanji imukwanira, awonjezere 57 peresenti pa mtengo umene mainjiniya amupatsa.