Kuyenda ndawala ndi mafuta a m'magazi: tiunike kafukufuku wa ku Loughborough

Munthu akadya chakudya chamafuta, mafuta otchedwa triglycerides amakwera m'magazi ndipo amafika pachimake patatha maola 3 mpaka 5. Kuyambira 1979, pamene Donald Zilversmit analemba kuti mitsempha ya magazi imawonongeka pa maola amenewa, ofufuza akhala akufunafuna njira yochepetsera mafutawa.

Mu 2008, Masashi Miyashita, Stephen Burns ndi David Stensel a ku yunivesite ya Loughborough ku England anafalitsa zotsatira za kafukufuku wa anyamata 15 athanzi. Anyamatawo anayesedwa m'njira zitatu: kupuma tsiku lonse, kuyenda ndawala mphindi 30 nthawi imodzi, ndiponso kuyenda mphindi zitatu maulendo 10 pa tsiku. Mawa lake atadya, mafuta anali otsika ndi 16 peresenti pa njira ziwiri zoyendazo poyerekeza ndi kupuma. Chimodzi mwa zifukwa zake n'chakuti minofu ikagwira ntchito, enzyme ya lipoprotein lipase imachotsa mafuta m'magazi mwachangu.

Kafukufukuyu anakonzedwa bwino, chifukwa munthu aliyense anadutsa njira zonse zitatu, choncho ankayerekezedwa ndi iye mwini. Komabe sitingamutenge ngati yankho lomaliza. Anthu 15 ndi ochepa, ndipo panalibe amayi, achikulire kapena odwala shuga, omwe ndi amene timawaona kwambiri kuchipatala. Anayeza magazi a tsiku limodzi, osati chiwerengero cha odwala mtima kapena sitiroko patapita zaka. Komanso chakudya chawo chinali chopimidwa mu labu, chosiyana ndi nsima, mandasi kapena tchipisi.

Chinanso n'chakuti phinduli silikhalitsa. Kafukufuku wina wa ku Loughborough komweko anasonyeza kuti munthu akasiya masewera, phinduli limatha pa masiku ochepa. Kuyenda Loweruka lokha sikukwanira.

Ndiye tiwauze chiyani anthu m'madera athu? Mlimi wogwira khasu m'mawa uliwonse safunika uthengawu. Ofunika ndi okhala pansi tsiku lonse: amuofesi, oyendetsa minibasi, ogulitsa m'sitolo. Akanena kuti alibe nthawi, auzeni kuti mphindi zochepa, kangapo pa tsiku, zimathandiza. Bungwe la WHO limalimbikitsa mphindi 150 mpaka 300 pa sabata. Koma tisawalonjeze kuti kuyenda kulowa m'malo mwa mankhwala kapena kuchepetsa zokazinga.