Bandi yokwana pa kaliyala wa njinga

Ku Milange, kutsidya kwa chipata cha Muloza, katundu wambiri amayenda pa njinga: matumba a chimanga ndi nandolo, nkhuku, nthochi, ngakhale wodwala wopita kuchipatala. Zoimbira nazo zimayenda chimodzimodzi. Anyamata a bandi ya banjo akamachoka msika uno kupita wina, kapena akaitanidwa ku ukwati kuseri kwa phiri la Tumbine, zida zawo zonse zimakwana pa njinga ziwiri kapena zitatu, zitamangidwa ndi mphira ya chubu. Safuna lole, safuna jenereta, sagula dizilo. Zimatheka chifukwa cha kapangidwe ka zidazo.

Chida chachikulu ndi babatoni, gitala la nsambo imodzi lomwe limatulutsa mawu a besi. Mimba yake ndi bokosi lamatabwa kapena chidutswa cha mgolo, chokutidwa ndi chikopa cha ng'ombe. Chikopacho amachiviika m'madzi mpaka chifewe, n'kuchipala ndi mpeni kuchotsa mafuta ndi tinyama totsalira, apo ayi chidzanunkha ndi kuitana tizilombo. Amachikunga chikadali chonyowa, ndipo dzanja la mmisiri limadziwikira pamenepa. Sakhoma misomali motsatana kuzungulira bokosi. Amakhoma umodzi kuno, n'kukoka chikopa ndi pulayala, n'kukhoma wina mbali yoyang'anana nayo, kenaka kumanja, kenaka kumanzere, kuti chikokeke mofanana paliponse. Akatha amachiika pamthunzi. Chikopa chikamauma chimadzikoka chokha, ndipo dzuwa laukali likachifulumizitsa chimang'ambika pamisomali.

Khosi ndi mtengo wa bulugamu wowongoka, wouma bwino, chifukwa wauwisi umapindika nsambo ikayamba kukoka. Mtengowo umalowa m'bokosi n'kutulukira kumbuyo. Potero mphamvu yonse ya nsambo imagwera pa mtengo, chikopa n'kutsala ndi ntchito imodzi yokha, yonjenjemera.

Nsambo ndiyo imandichititsa chidwi kuposa zonse. M'mphepete mwa tayala la galimoto, pomwe limagwira limu, muli waya wachitsulo wolimba kwambiri wobisika mu mphira. Wofuna zachangu amatentha tayalalo kuti waya atsale yekha. Utsi wake ndi wakuda bii, wotsamwitsa mudzi wonse, komanso moto umafewetsa chitsulocho moti ukachikunga chimangotamuka, mawu osakhazikika. Mmisiri wodziwa amakhala pansi ndi mpeni wakuthwa, kumaunyowetsa ndi madzi kuti uziterera pa mphira, n'kumacheka pang'onopang'ono motsata mkombero mpaka nsonga ya waya ionekere. Akaigwira amasolola mofatsa kuti waya asakhote, kenaka amamupala ndi mchenga kapena sandipepa mpaka awale. Njira yosawononga mpweya ndi yomweyonso yotulutsa nsambo yolira bwino.

Pakati pa nsambo ndi chikopa amaikapo kachidutswa ka mtengo wolimba, kamlatho, komwe kamatsitsira kunjenjemera kwa waya pa chikopa. Amakasuntha pang'ono, n'kukhudza nsambo, n'kutchera khutu, n'kukasunthanso. Kakafika pakati penipeni mawu amamveka ogonthera, kakayandikira m'mphepete amaonda. Malo oyenera amawapeza ndi khutu basi. Poimba, ena amakodola nsambo ndi chala, ena amachita monga Gasper Nali wa ku Nkhata Bay, amene amamenya waya ndi kamtengo uku akutsetsereza botolo lopanda kanthu kuti asinthe mawu.

Banjo imatsata nzeru yomweyo pa kathupi kakang'ono. Mimba ndi chitini cha mafuta ophikira kapena sefuliya yobooka. Nsambo amazipeza pomasula waya wa buleki ya njinga, yemwe ndi timawaya tambiri topotedwa pamodzi, ndipo zokungira ndi tizichiri tosema totsekeredwa m'mabowo a kumutu. Ng'oma ya phazi ili ndi chopondera chathabwa chomwe chimabwerera chokha chifukwa cha mphira. Zitsekerero za mabotolo zophwanyidwa n'kutungidwa pa waya zimathirira kaphokoso ka tsetsetse pamwamba pa zonse.

Zida zoterezi zimakonzeka panjira. Waya akaduka, wokonza njinga pamsika uliwonse ali naye wina. Dera la Milange ndi Mulanje ndi lamvula yambiri, ndipo chinyezi cha chiperoni chimalefula chikopa, ng'oma n'kumalira ngati munthu wachimfine. Mankhwala ake ndi kamoto ka mapesi: amayandikiza chikopa, kumachisisita ndi chikhatho ndi kuchigogoda mpaka mawu abwerere. Ofuna kumveka patali amawonjezera kasipika ka batire, lomwe amalitchaja masana ndi kapanelo ka sola.

Oimba a maiko olemera akulimbana ndi vuto lomwe anyamatawa alibe. Ulendo wa bandi yaikulu umafuna malole ambiri, ndege ndi majenereta, zonse zotulutsa mpweya wa kaboni womwe ukutenthetsa dziko. Mu 2019 gulu la Coldplay lidati liyamba laleka maulendo mpaka litapeza njira yabwino. Litabwerera mu 2022 lidaika m'mabwalo njinga zopalasa anthu odzaonera, zotchajira mabatire, ndipo mu 2024 lidalengeza kuti lachepetsa mpweyawo ndi 59 peresenti poyerekeza ndi ulendo wake wa 2016 ndi 2017. Gulu la Massive Attack lidachititsa phwando la nyimbo ku Bristol mu 2024 loyendera mabatire m'malo mwa majenereta a dizilo, n'kulimbikitsa anthu kubwera pa sitima. Ndi ntchito yotamandika, koma yadya ndalama zambiri ndi nzeru za akatswiri.

Madalitso Band ya ku Lilongwe idaonetsa kuti zida zopangira pakhomo zitha kufika pa mabwalo omwewo. Yobu Maligwa amaimba babatoni, Yosefe Kalekeni gitala la nsambo 4 ndi ng'oma ya phazi. Adachoka m'misewu ya Lilongwe n'kukaimba ku Sauti za Busara ku Zanzibar mu 2017, ndipo kuchokera pamenepo akhala akuyendera maiko a ku Ulaya. Ndege yomwe amakwera imatentha mafuta monga ndege iliyonse, palibe chobisa. Komabe ndi anthu awiri ndi zida zitatu, ndipo amavinitsa bwalo lathunthu.

Pofunika kusamala ndi pa mtengo. Tsidya lino mkungudza wa m'phiri la Mulanje watsala pang'ono kutheratu chifukwa cha macheka, ndipo mibawa ndi milombwa ikusowa mbali zonse za malire. Mmisiri amene amasankha bulugamu, womwe umaphukanso ukadulidwa, kapena matabwa a chitseko chakale, ndiye akuigwira bwino ntchitoyi. Inu amene muli ndi tayala lakutha, chikopa chotsala pa mwambo kapena thabwa longokhala kuseri kwa nyumba, musazitenthe. Kapatseni wopanga mabanjo wa m'mudzi mwanu.