Ng'oma Patsogolo, Gitala Kumbuyo: King Crimson mu Ukalamba Wake

Gulu loimba likamayandikira zaka 50 limakumana ndi vuto limene silinaliganizirepo pa unyamata, ndipo vutolo ndi chikondi cha anthu ake omwe. Ogula matikiti amakhala a imvi, ambiri obwera kudzafuna chinthu chimodzi: kuti awabwezere madzulo ena a zaka za m'ma 1970. Amafuna nyimbo iliyonse imveke ndendende mmene inalili pa chimbale. Magulu ambiri amagonjera. Amatsitsa nyimbo kuti mmero wotopa uifikire, amabisa zala zolemera kuseri kwa utsi ndi makanema akuluakulu, ndipo anthu amabwerera kwawo atakhutira. Koma pa nsanja yotere palibenso chimene chingalakwike, ndipo pamene palibe chingalakwike luso limagona tulo.

King Crimson, gulu la ku England loimba progressive rock, linakana njira imeneyi pa maulendo ake omaliza, kuyambira 2014 mpaka 2021. Linaimba nyimbo zakale, inde, zambiri kuposa kale lonse. Koma linayamba lazisandutsanso zovuta kwa eni ake. Ndikukhulupirira kuti ichi ndicho chinachititsa makonsati amenewa kukhala amoyo.

Progressive rock inabadwira ku Britain kumapeto kwa zaka za m'ma 1960, pamene anyamata ena oimba rock anatopa ndi nyimbo za mphindi zitatu. Anatenga kamangidwe ka nyimbo za classical ndi ufulu wa jazz, n'kuyamba kupeka nyimbo zazitali zokhala ndi zigawo. "Close to the Edge" ya gulu la Yes, ya mu 1972, imatenga mphindi zoposa 18. King Crimson inali pakhomo penipeni pa zonsezi. Inayamba ku London mu January 1969. Pa 5 July chaka chomwecho inaimba ku Hyde Park isanalowe Rolling Stones, ndipo mu October inatulutsa chimbale cha In the Court of the Crimson King. Oimba analowa ndi kutuluka ambirimbiri, gulu linatha ndi kudzukanso kangapo, koma munthu mmodzi sanachokepo: Robert Fripp, woimba gitala wobadwa mu 1946 ku Wimborne Minster, m'chigawo cha Dorset.

Nyimbo za mtundu uwu zinazolowera kudyetsa maso. Peter Gabriel ankavala zigoba ndi zovala zachilendo ku Genesis. Keith Emerson ankabaya mipeni mu limba lake. Pink Floyd inkaulutsa chinkhumba cha mpweya pamwamba pa anthu. Wolowa mu holo kudzaonera King Crimson ya 2014 sankapeza chilichonse cha zimenezi. Chimene chinkamugwira maso ndi kakonzedwe ka nsanja. Kutsogolo, pamalo amene nthawi zonse pamaima woimba mawu, panali ng'oma za anthu atatu: Pat Mastelotto kumanzere, Gavin Harrison kumanja, ndipo pakati Bill Rieflin, amene malo ake anatengedwa ndi Jeremy Stacey mu 2016. Kumbuyo, pamalo okwera, panandandalika Mel Collins ndi masakisofoni ndi chitoliro, Tony Levin ndi besi, Jakko Jakszyk ndi gitala ndi mawu, kenaka Fripp kumapeto kwenikweni, atakhala pa mpando, mahedifoni kumutu. Onse ankavala mwaulemu ngati akupita ku msonkhano. Magetsi anali oyera, osaphethira, osazungulira.

Kakonzedwe kameneka kamasintha mamvedwe a munthu. Pa konsati wamba maso amatsata woimba mawu, makutu n'kutsatira maso. Apa maso amagwera pa manja asanu ndi limodzi. Anthu atatuwa sankamenya chinthu chimodzi pamodzi kuti phokoso likule. Harrison, amene ankakonza zigawo zambiri za ng'oma, ankagawa kagundidwe kamodzi pakati pa atatuwo. Uyu akuyamba mawu, wapakati akuwalandira, wachitatu akuwamaliza, ndipo umaona ndi maso ako kugunda kukuyenda kuchokera kumanzere kupita kumanja n'kubwereranso. Mastelotto ankagwira zitsulo, mabelu ndi zida zamagetsi, kutsata mapazi a Jamie Muir amene anabweretsa zitsulo zotolatola m'gululi mu 1972. Harrison ankasunga msana wa nyimbo. Wapakati ankasiya timitengo nthawi zina n'kutembenukira ku kiyibodi. Munthu amene anakulira pafupi ndi bwalo la gule wamkulu sangadabwe nazo: mbalule ili ndi mawu ake, mpanje uli ndi ake, ndipo kukoma kumachokera m'mipata imene ng'oma iliyonse imasiyira inzake. Woimba mmodzi akachedwa pang'ono chabe, zonse zimamwazika pamaso pa anthu. Gululi linaika malo ake oterereka kwambiri kutsogolo, poyera.

Kulimba mtima komweko kunkaoneka pa gitala ya Fripp. Mu zaka za m'ma 1980 iye anasiya kuchuna nsambo mmene aliyense amachunira, nayamba njira yake ya C, G, D, A, E, G, imene imatalikitsa mawu a nsambo zambiri ndi zinzake. Ndiye kuti nyimbo zonse zimene anapeka kale zinafunika kuziphunziranso, zala zikuyenda njira zatsopano. Mu 2016, ali ndi zaka 70, anabwezera pa nsanja "Fracture", nyimbo ya mu 1974 imene oimba gitala amaiopa chifukwa cha chigawo chake chapakati, pamene dzanja lamanja limathamanga kwa mphindi zingapo osapuma, likudumpha nsambo. Palibe amene akanamuimba mlandu akanaisiya. Kuona nkhalamba itakhala chete, thupi lonse osagwedezeka kupatula manja, ikuwoloka chigawo chimenecho, kumakugwira mpweya chifukwa ukudziwa kuti ingathe kugwa.

Nyimbo zakalezo sizinali zotopetsa kwa iwo, pakuti zambiri zinali zitagona nthawi yaitali. Kwa zaka zambiri Fripp ankakana kuimba nyimbo za m'zimbale zoyambirira. Gulu la 1981, la Adrian Belew, Levin ndi Bill Bruford, linkangotengako ziwiri kapena zitatu za m'ma 1970. "Starless" inali isanamveke pa nsanja ya King Crimson kuyambira 1974 mpaka ulendo umene unayambira ku Albany, m'chigawo cha New York, mu September 2014. Akuluakulu amati mawu a akulu amakoma akagonera, ndipo nyimbozi zinagoneradi. Mndandanda wa nyimbo unkasintha usiku ndi usiku, motero woimba aliyense ankayenera kusunga m'manja mwake nyimbo zochuluka kuposa zimene zikanakwana m'konsati imodzi, ngakhale konsatiyo inkayandikira maola atatu.

Pa "Starless" ndi pamene luso lonseli linkasonkhana. Nyimboyi, yotseka chimbale cha Red cha mu 1974, imatenga mphindi pafupifupi 12. Imayamba mwachifatse ndi mawu a Mellotron, chida cha makiyi chimene batani lililonse limayendetsa tepi yojambulidwa kale ya mavayolini kapena zitoliro, tepi yotha m'masekondi 8 okha. Mawu ake ndi achisoni, onjenjemera pang'ono. Gitala imalowa ndi kanyimbo kaulemu, woimba n'kuimba ndime zitatu. Kenaka zonse zimazima. Besi imayamba kubwereza mawu ochepa, ndipo kawerengedwe kamasintha. Nyimbo zambiri za pa wailesi zimawerenga 1, 2, 3, 4 n'kuyambiranso, koma chigawo ichi chimawerenga mpaka 13, moti phazi lofuna kutsatira limangopunthwa. Pamwamba pake gitala imamenya liwu limodzi lokha, mobwerezabwereza, kenaka imakwera pang'ono n'kumenyanso limodzi. Imatero kwa mphindi zingapo. Ng'oma zimayamba ngati kukanda ndi kugogoda, zikukula pang'onopang'ono. Apa pokha, pa konsati yonse, magetsi ankasintha: oyera aja ankasanduka ofiira mwapang'onopang'ono kufikira nsanja yonse itakhala psu. Popeza maso anali atamanidwa kwa maola awiri, kusintha kumodzi kumeneku kunkalemera kuposa zozimitsa ndi zoyatsa zonse za makonsati ena. Chingwe chikafika poti chiduke, sakisofoni ya Collins inkaphulika mothamanga, ndipo pomaliza kanyimbo kaulemu ka poyamba kaja kankabwerera, tsopano katasenzedwa ndi besi yolemera ndi ng'oma zonse. Collins yemweyu ndi mmodzi mwa amene anaimba sakisofoni pa nyimboyi mu 1974. Patapita zaka 40 sankabwereza zimene anaimba pa chimbale. Ankapeka zatsopano pomwepo.

Chigawo chotere chimafuna holo yachete, ndipo apa ndi pamene lamulo lodziwika la gululi linkagwira ntchito. Konsati isanayambe, mawu a Fripp ankapempha anthu kuti asajambule chithunzi kapena kanema. Chilolezo chinkabwera kumapeto, Levin akanyamula kamera yake kuti ajambule anthu. Ena ankati uku ndi kunyada. Ine ndimaona kuti ndi gawo la nyimbo. Munthu wogwira foni m'mwamba amakhala akusungira mawa chimene chikuchitika lero, ndipo maganizo ake achoka kale mu holo. Anthu zikwi zingapo akamamvetsera pamodzi, opanda chowasokoneza, woimba amatha kutsitsa mawu mpaka pansi penipeni podziwa kuti amveka. Chete wa anthuwo amasanduka chida chimene gulu likuimbira.

Sikuti zonse zinkayenda bwino. Ng'oma zitatu ndi katundu wolemera, ndipo m'maholo ena mawu apansi ankaunjikana mpaka besi ya Levin kumira. Nyimbo zofatsa monga "Epitaph" ndi "Islands" sizifuna manja asanu ndi limodzi, ndipo nthawi zina unkaona kuti akufunafuna chochita. Nyimbo za m'ma 1980, zimene magitala awiri amalukana mopepuka, zinataya kuthamanga kwake kwina Belew atasowa. Jakszyk anasenza mtolo wovuta, woimba nyimbo za Greg Lake ndi John Wetton, oimba akale a gululi a mawu aakulu amene anamwalira motsatizana mu December 2016 ndi January 2017. Ankaziimba molondola ndi mwachikondi, monga munthu amene anaonera gululi koyamba ali mnyamata mu 1971, koma mawu ake ndi opyapyala poyerekeza ndi a Wetton, ndipo ukali wina unachepa. Funso lalikulu ndi la nyimbo zatsopano. Chimbale chomaliza cha mu situdiyo, The Power to Believe, chinatuluka mu 2003. Gulu la 2014 linapeka zina zochepa, monga "Meltdown" ndi tizigawo ta ng'oma, koma palibe inafika pa msinkhu wa zakale. Gulu limene linadziwika ndi kuwotcha zakale zake kuti liyambe zatsopano linathera masiku ake likusamala chuma chake.

Chidzudzulo chimenechi ndi choona, komabe sichigwetsa ntchito yonse. Kupeka kuli pawiri. Kulipo kolemba nyimbo yatsopano, ndiponso kotenga nyimbo yodziwika n'kuipezera thupi lina. "21st Century Schizoid Man" anthu aimva kosawerengeka, ndipo achinyamata ambiri anaidziwa Kanye West atatengako chidutswa mu "Power" mu 2010. Koma pa nsanja, pakati pa nyimboyo pankatseguka bwalo la sakisofoni ndi la ng'oma za Harrison losafanana usiku uliwonse, ndipo chigawo chija chimene gulu lonse limathamanga pamodzi n'kuima mwadzidzidzi, n'kuthamanganso, chinkafuna kuti anthu 7 kapena 8 apume mpweya umodzi. Zimenezi sizichitika ndi chizolowezi. Zimafuna kuti aliyense amvetsere mnzake kuposa mmene akudzimvetsera yekha.

Ukalamba unawonjezapo kanthu kamene gulu la 1969 silikanakhala nako. Anyamata a zaka 20 amaimba kuti aoneke. Amuna awa anali ataphunzira kudikira. Levin amatha kugwira liwu limodzi lapansi kwa nthawi yaitali osalikongoletsa. Fripp ankakhala chigawo chathunthu manja ali pa mawondo, akuyang'ana anzake. Rieflin, amene anabwerera mu 2017 kudzaimba kiyibodi yokha, ankaimba mawu owerengeka pamalo pamene wina akanadzaza. Anamwalira ndi khansa mu March 2020. Mu June 2019 gululi linakondwerera zaka 50 ndi makonsati atatu ku Royal Albert Hall ku London, ndipo linatseka ulendo wake womaliza ku Tokyo mu December 2021.

Zojambulidwa zilipo, monga Live in Chicago ya 2017 ndi Meltdown: Live in Mexico City ya 2018, ndipo woimba aliyense wofuna kuphunzira kugawana malo ndi anzake ayenera kuzimvetsera. Koma chojambulidwa chinatha kale bwino, ndipo womvera amadziwa zimenezo asanayambe. Mu holo simunkadziwa. Ndi muyezo umenewu umene King Crimson yasiyira magulu onse akale amene akuyendabe. Kuchuluka kwa oyambitsa amene atsala ndi kufanana kwa nyimbo ndi chimbale ndi nkhani zazing'ono. Chofunika kufunsa ndi chakuti kodi oimbawa adzipatsa ntchito imene ingathe kuwakanika usiku uno. Gulu loyankha kuti inde likadali pa ntchito, ndipo ndi loyenera kuti munthu azimitse foni yake n'kulipatsa makutu onse awiri.