Miyezi 18 ya kwa Mponda: Kuŵerenganso Buku la Kulephera

Kumapeto kwa Disembala 1889, Abambo Oyera otsogozedwa ndi Bambo Adolphe Lechaptois adafika kwa mfumu Mponda, pafupi ndi pamene Shire amatulukira m'nyanja. Mu Juni 1891 adachoka osasiya mpingo. Zimene ankalemba tsiku ndi tsiku adazimasulira m'Chingerezi Ian Linden, nazisindikiza kuyambira mu 1974. Bukuli nlofunika kwa wansembe aliyense, koma kaŵirikaŵiri timaliŵerenga molakwa.

Ena amaliŵerenga mwamanyazi. Amati amishoniwo adabwera pansi pa mbendera ya Apwitikizi pamene Angerezi anali kutenga dziko, adaweruza Ayao Achisilamu mouma mtima, adasoŵa pogwira. Mfundozi nzoona, ndipo sitiyenera kuzibisa. Ena amaliŵerenga monyadira, namati kwa Mponda kudagwa mbewu imene idabala dayosizi ya Mangochi mu 1973. Koma Mpingo udazika mizu m'dziko lino pamene Amonfoti adafika ku Nzama mu 1901, ndi pamene Abambo Oyera adabwereranso mu 1902. Kutamanda kwa Mponda motere nkukana kuti munthu wokhulupirika angathe kulephera.

Magulu onse aŵiri akudwala nthenda imodzi: amayesa mtumiki wa Mulungu ndi chiŵerengero cha zipatso zake. Bukulo silichita tero. Likutionetsa anthu ogwidwa malungo, akutsuka zilonda, akuphunzitsa ana m'kasukulu pakati pa nkhondo ndi malonda a akapolo. Nthaŵi itakwana adavomera kuti pamenepo sadathe, nanka ku Mambwe, m'dziko limene lero ndi Zambia. Lechaptois pambuyo pake adakhala episkopi ku Tanganyika. Akadaumirira kwa Mponda poopa kuchita manyazi, ntchito inayo ikadatsala.

Anzathu a ku Scotland adaona zomwezo ku Cape Maclear: adafika mu 1875, naika anzawo m'manda, nabatiza munthu mmodzi yekha, Albert Namalambe, mu 1881, chaka chimene adasamukira ku Bandawe. Msodzi wa m'gombe lino amadziŵa kuti mwera ukakula, kukokera bwato kumtunda si ulesi.

Nanga ife, abale? M'seminale mnyamata amadziona ngati wachabe chifukwa mnzake wampambana pa mayeso. Ku parishi wansembe amadzithyola msana ndi zomangamanga, naŵerenga maubatizo ngati nsomba za pathandala, naopa kuuza episkopi wake kuti watopa. Iyi ndi mphulupulu yakale ya Pelagius, yoti munthu angadzifikitse yekha ku ungwiro. Augustino Woyera, nkhoswe ya kathedralo ya Mangochi, adalimbana nayo, ndipo msonkhano wa ku Carthage udaikana mu 418. Komabe imabwerera itavala mkanjo wa changu.

Kudzilandira sikutanthauza kukonda tchimo kapena kuleka khama. Nkuvomera kuti ndife olengedwa, okhala ndi malire, ndi kuti chaulere cha Mulungu chimatitsogolera, sichichita kugulidwa ndi thukuta. Nchifukwa chake bukuli liyenera kuŵerengedwa ndi iwo amene akukonzekera unsembe, asadalandire parishi yawo yoyamba. Aliyense wa ife adzakhala ndi kwa Mponda kwake. Chofunika nchakuti akadzafikako adzathe kulemba zoona za tsikulo, napemphera, nagona tulo.