Mau Akuti "Kubwezeretsa" pa Malonda a Makomiki Akale

Pa msika wa makomiki akale ku America, mtengo wa buku umatsata maonekedwe ake. Action Comics nambala 1, m'mene Superman anayamba kuonekera mu 1938, inkagulidwa masenti 10. Mu 2024 kope lina linagulidwa madola 6 miliyoni. Kampani ya CGC, imene inayamba nchito mu 2000, imapima makope pa sikelo ya 0.5 kufikira 10, n'kuwatsekera m'pulasitiki. Kope loonedwa kuti silinakonzedwe limalandira cizindikiro cabuluu. Limene lapakidwa utoto, lamatidwa kapena laikidwa cigamba limachedwa "lobwezeretsedwa", limalandira cizindikiro capepo, ndipo mtengo wake umagwa kwambiri.

Cimene catikopa ife ophunzira zinenero ndi nchito ina yomwe tingaiche kusita. Mmisiri amafewetsa pepala ndi cinyezi, kenaka amalipanikiza m'makina otentha mpaka makwinya atha. Kopelo lingakwere pa sikelo, mtengo n'kukwera nalo. Koma CGC siiwerengera kusita ngati kubwezeretsa, ponena kuti palibe cacilendo caikidwa pa pepala.

Tikuona kuti apa tanthauzo lapotozedwa. M'Cinyanja mneni "kubwezeretsa" acokera ku "kubweza": cinthu cibwerere m'mene cinalili poyamba. Mau a Cingelezi amene amalondawa amagwiritsa nchito ali ndi ganizo lomwelo. Tikatero, wosita ndiye wobwezeretsa weniweni, kuposa woika cigamba, pakuti cigamba n'cinthu cimene bukulo linalibe potuluka m'makina osindikizira. Nanga malire aikidwa pamenepo cifukwa ciani? Yankho lathu n'lakuti malirewo akutsata cimene wopima angagwire. Utoto ndi guluu zimasiya umboni. Kusita kwa katswiri sikusiya. Motero mauwa aleka kuchula zimene zacitika pa buku, akuchula zimene zaoneka. Sitingaiwalenso kuti mu 2012 gulu la makampani limene CGC ilimo linagula kampani yosita makomiki.

Ena amati popeza pepala ndi inki n'zomwezo, wogula sanataye kanthu. Sitikuvomereza. Wolipira mamiliyoni safuna nthano ya Superman, imene yasindikizidwanso kambirimbiri. Iye akugula mbiri yakuti pepala lochipa la nyuzipepala linapulumuka zaka zoposa 80 popanda kupindika. Ngati linapindika n'kusitidwa, mbiriyo si yoona, ndipo cizindikiro cabuluu sicimuuza zimenezo.